Mbiri ya Diso Losankha Mbewu ya Abambo

Nkhaniyi inayambira ku Delft, m'dziko la Netherlands, m'chaka cha 1677. Kumeneko kunali wogulitsa nsalu, Antonie van Leeuwenhoek, yemwe ankanola yekha timagalasi tokuza zinthu. Wophunzira zachipatala wina, Johan Ham, anamubweretsera umuna wa munthu wodwala. Leeuwenhoek atauyang'ana pagalasi anaonamo tinthu tamutu ndi mchira, tikuyendayenda ngati mbululu m'chithaphwi. Analembera kalata bungwe la Royal Society ku London, koma mwamanyazi, n'kupempha kuti akuluakuluwo akaona kuti nkhaniyo njolaula asaisindikize. Iwo anaisindikiza.

Tinthuto, tomwe ndi mbewu ya abambo, tinaoneka, koma ntchito yake inasokoneza anthu kwa zaka pafupifupi 200. Mu 1694 Nicolaas Hartsoeker anajambula kamunthu kodzipinda m'mutu wa mbewu, poganiza kuti mwana amakhalamo kale wathunthu. Kenaka wansembe wa ku Italy, Lazzaro Spallanzani, anasokera achule amphongo tikabudula n'kuwasiya akwere aakazi. Mazira sanaswe. Chodabwitsa n'chakuti iye anakhulupirirabe kuti mphamvu ili m'madzi a umuna, osati m'tinthu tamichira tija. Mu 1841 Albert von Kölliker anaonetsa kuti si tizilombo tolowerera, koma thupi la bambo ndilo limatipanga, ndipo m'ma 1870 Oscar Hertwig anaona mbewu ikuphatikana ndi dzira m'kanyama ka m'nyanja yamchere.

Itatero, inafika nyengo yowerenga. Mu 1929 madokotala awiri a ku America, Macomber ndi Sanders, anabwereka kagalasi kowerengera maselo a magazi n'kuyamba kuwerengera mbewu. Mu 1951 John MacLeod anayerekeza abambo 1,000 obereka ndi ena 1,000 a m'mabanja osowa ana. Kuno kwathu mayi ndiye amafulumira kutchedwa chumba, koma kagalasi kameneka kanaonetsa kalekale kuti vuto limakhalanso kwa bambo. Bungwe la WHO linatulutsa buku loyamba la kayezedwe mu 1980, ndipo lachisanu n'chimodzi, la 2021, limaika malire apansi pa mbewu 16 miliyoni pa mililita.

Za maonekedwe a mbewu zinakhwimira muno mu Africa. Mu 1986, pachipatala cha Tygerberg ku Cape Town, Thinus Kruger ndi anzake anakhazikitsa muyeso wosanyengerera: mutu, khosi ndi mchira zonse zikhale bwinobwino, kachilema kakang'ono mbewuyo yagwa. Masiku ano, malinga ndi buku la WHO lija, bambo amene mbewu zake zinayi zokha pa 100 n'zooneka bwino pamuyesowu amawerengedwa kuti alibe vuto la maonekedwe.

Kusankha kwenikweni kunadza mochedwa. Louise Brown, mwana woyamba kubadwa mwa njira yophatikiza dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, atabadwa mu 1978 ku Oldham, madokotala ankangothira mbewu zambirimbiri pa dzira m'kambale, yamphamvu ipambane yokha. Mu 1992 ku Brussels, Gianpiero Palermo ndi anzake analengeza za ana obadwa mwa njira ya ICSI. Apa katswiri amayang'ana pa maikulosikopu yokuza maulendo 200 mpaka 400, n'kusankha mbewu imodzi yosambira molunjika. Amaipsinja mchira ndi kasingano kagalasi kuti ileke kugwedezeka, amaiyamwa kuyambira kumchira, kenaka n'kuibayira m'kati mwa dzira. Ntchito imene chilengedwe chinkagwira mumdima inagwera m'manja mwa munthu mmodzi.

Ena anati diso likungochepa mphamvu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Benjamin Bartoov wa ku Israel anabweretsa njira yotchedwa IMSI, yokuza maulendo oposa 6,000, kuti timabowo ta m'mutu wa mbewu tioneke. Zithunzi zake n'zogometsa, komanso njirayi imadya nthawi ndi ndalama. Koma bungwe la Cochrane litasonkhanitsa kafukufuku mu 2020, silinapeze umboni wolimba wakuti imachulukitsa ana obadwa amoyo. Mpaka lero zipatala zambiri zikusankhabe mbewu pa mlingo wakale uja wa maulendo 400.