Akalipentala a ku Likhubula

Aphunzitsi anzanga a History mukudziwa mmene timaphunzitsira mutu wa anthu opita kukagwira ntchito kunja. Timalemba pa bolodi kuti zifukwa zake zinali msonkho, thangata ndi kusowa kwa malo, ana amakopera, pa mayeso a MSCE amabweza zomwezo, basi nkhani yatha. Chonsecho kuno ku Mulanje tinali naye munthu amene mutu wonsewu anauyenda ndi mapazi ake, ndipo ambiri a inu amene munadutsa m'manja mwanga munakhalapo pa madesiki amene iye anakhoma. Ndikunena malemu Akalipentala a ku Likhubula. Dzina lawo lenileni ndilisiya kwa abale awo, poti ife tonse, ngakhale ahedi, tinkangoti Akalipentala.

Ukawafunsa chaka chobadwa ankangoti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kuweta mbuzi. Makolo awo anali Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, monga anachitira anthu ambiri kuyambira cha m'ma 1900, kuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno anapeza malo achonde atatengedwa kale ndi maesiteti. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje mu 1891, ndipo wobwera wofuna pomanga nyumba pa malo a mzungu ankalipira ndi thukuta lake. Ndiyo thangata ija.

Iwo kuthyola tiyi anakukana. Akadali mnyamata anatsatira ocheka matabwa kukwera phiri kukafuna mkungudza. Mtengo umenewu Alexander Whyte anauona mu 1891, n'chifukwa chake m'mabuku a sayansi umatchedwa Widdringtonia whytei, koma anthu anaukonda pa zifukwa ziwiri zosafuna buku: chiswe sichiudya, ndipo fungo lake silitha msanga. Kachekedwe kake kanali kowawa. Chipika ankachigoneka pa thandala, munthu mmodzi pamwamba wina pansi, kukokerana macheka aatali tsiku lonse, wapansiyo utuchi uli mbwee kumaso. Ukatha apo uzisenza thabwa pamutu kuchokera ku Chambe mpaka ku Likhubula, wopanda nsapato. Inu amene tinakwera nanu pa ulendo wa Wildlife Club, mukumalira ndi kachikwama ka mabanzi kumsana, taganizani kutsika njira yomweyo ndi thabwa lalitali kuposa inu, mphepo ikulikankha. Miyendo ya Akalipentala inakhwimira pamenepo.

Phirilo linawachepera. Ananyamuka ulendo wa selefu, kutanthauza kupita wekha osalembedwa ndi Mthandizi kapena Wenela, kudutsa ku Tete, pena pansi pena pa lole, mpaka ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Kumeneko anayamba ndi kusesa utuchi m'shopu ya mipando, maso ali pa manja a amisiri, mpaka tsiku lina anawapatsa pulena. Patapita zaka anabwerera kumudzi, anakwatira, kenaka mtima woyendayenda unawadzukanso ndipo analembetsa Wenela: ndege kuchoka pa Chileka kukatera ku Francistown, kuchoka apo sitima mpaka ku Joni. Ku mgodi anawaika m'gulu lochirikiza denga ndi mitengo kuti thanthwe lisagwere anthu. Masiku opuma kunkakhala magule ndi mipikisano yothamanga, ndipo mnyamata wa ku phiri uja ankati bwalo lathyathyathya linkamuoneka ngati masewera a ana.

Panthawiyo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Dr Banda analetsa kulemba anthu. Ulendo wa ku TEBA unadzayambiranso mu 1977 n'kutheratu mu 1988, koma Akalipentala atabwera sanapitenso. Anafika ndi njinga, wayilesi, bokosi la zipangizo ndi malekodi a simanjemanje, a Mahlathini ndi Mahotella Queens.

Apa ndi pamene ambirife tinawadziwira. Shedi yawo inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo wayilesi ya MBC sinkazima. Pakati pa zitseko ndi mafelemu a mawindo ankakhomanso mabanjo: chigubu cha mafuta ophikira, khosi la kachidutswa ka mkungudza, mawaya ochotsa ku mabuleki a njinga. Anyamata ambiri a m'dera lino banjo yawo yoyamba inachokera pamenepo, ena osalipira n'komwe. Pa nkhani ya oimba anali ndi makani. Ine ndinkaikira kumbuyo Daniel Kachamba wa ku Chileka, iwo ankati palibe woposa Alan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu River Jazz Band yake, chifukwa munthu wosaona uja ankailizitsa banjo ngati ikuyankhula. Mkanganowu sunathe, ndipo mpaka lero ndikuti Kachamba.

Mpikisano wa Porters Race utayamba mu 1996 unali wa onyamula katundu ndi operekeza alendo m'phiri okha. Umayambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda wa makilomita oposa 20. Atautsegulira aliyense, Akalipentala analowa nawo kamodzi, imvi zili mbuu. Anafika kumapeto kwenikweni, opambana atasamba kale, koma anafika, n'kumauza anthu kuti kutsika phirilo mutu uli wopanda katundu ndi tchuthi. Ankanyadira kuti njira za ocheka matabwa zasanduka bwalo la akatswiri, ndipo pamene Tereza Master anakathamanga marathon ku Olympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016, ankayankhula ngati mwanayo ndi wawo.

Pali mbali ina imene sindingaibise. Mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma pofika 2017 akatswiri atayendera phiri lonse anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Moto unawononga, nsabwe za m'mitengo zinawononga, koma macheka ndiwo anamaliza. Akalipentala ankadziteteza kuti m'masiku awo ankacheka mitengo youma yokha, ndi chilolezo cha a Forestry, pakuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, matabwa amene ankatsika usiku ankathera m'mashedi ngati yawo yomweyo, ndipo mmisiri akamva fungo la mkungudza safunsa mafunso ambiri. Ifenso ogula, aphunzitsi amene tinkafuna kabokosi konunkhira kopatsa mlendo, tisaloze chala patali. Zaka zomwezo ntchito yawo yaikulu inasanduka mabokosi a maliro, Edzi itavuta, ndipo ena mwa amene anawakhomera mabokosi anali anyamata omwe aja anawakhomera mabanjo. Nkhani imeneyi sankakonda kuikamba.

Atakalamba ankapita kukaona nazale za mbande za mkungudza zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust anathandiza kukhazikitsa m'midzi yozungulira phiri, n'kumaseka kuti thabwa la mitengo imeneyo adzacheke ndi zidzukulu za zidzukulu zawo. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a World Heritage iwo atatisiya kale.

Tsono pempho langa kwa inu a Fomu 4 akale. Chaka china pa tsiku lotsekera sukulu Akalipentala anaimba banjo pa bwalo, ndipo mmodzi wa inu anajambula pa kaseti ndi wayilesi ya bambo ake. Amene ali nayo kasetiyo, ngakhale itadyeka pang'ono, andipeze ku sukulu. Abale awo alibe chilichonse chokhala ndi mawu awo.