Mayi Alice Harris ndi Umboni wa Chithunzi

Munthu woyenda m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Malindi, kupyola Lungwena, kulinga kwa Makanjira, aponda dziko limene linaona zowawa zambiri. Kale zombo zinkaolotsa akapolo panyanjayi, ndipo anthuwo ankayendetsedwa ulendo wautali wa ku Kilwa. Mabuku atchula linga la Fort Johnston limene linamangidwa m'chaka cha 1891, atchulanso Captain Maguire amene anafera kwa Makanjira chaka chomwecho. Koma maina ndi nkhope za ogulitsidwawo zinapita ndi mphepo. Nchifukwa chake tifuna kukamba za mayi wina amene, m'dziko lina la Africa, anayesetsa kuti masautso otere asabisike.

Alice Seeley anabadwa ku England m'chaka cha 1870. Poyamba anagwira ntchito ya ukalaliki ku London, koma mtima wake unali pa ntchito ya mishoni. Mu 1898 anakwatiwa ndi John Harris, ndipo pasanapite masiku ambiri awiriwo anakwera sitima kunka ku Congo, kumene anakhala ku Ikau, pambuyo pake ku Baringa. Mayiyu anali mphunzitsi wa ana monga mudzakhalira inu, koma anatenganso kabokosi kojambulira zithunzi ka Kodak.

Masiku amenewo dziko la Congo linali ngati munda wa munthu mmodzi, ndiye Leopold II, mfumu ya Belgium, amene analitenga mu 1885. Popeza ku Ulaya kunayamba kufunika matayala a njinga ndi a galimoto, mphira unakwera mtengo. Makampani, monga ya ABIR, anaikira mudzi uliwonse muyeso wa mphira woti ukatole m'nkhalango. Mudzi wolephera unkalangidwa ndi chikoti. Akazi ankagwidwa chikole, anthu ankaphedwa, ena nadulidwa manja.

M'mwezi wa May 1904 kunafika ku Baringa munthu wa ku Wala, dzina lake Nsala, atanyamula kaphukusi ka masamba. M'menemo munali dzanja ndi phazi la mwana wake wamkazi, Boali, wa zaka 5, amene anaphedwa ndi alonda a kampaniyo. Mayi Harris anam'jambula bamboyo atakhala pakhonde, maso ali pa zotsala za mwana wake. Chithunzicho chilibe mawu, koma amene achiona sachiiwala.

Atabwerera kwawo mu 1905, awiriwo anagwirizana ndi E. D. Morel ndi bungwe la Congo Reform Association. Anayenda m'matchalitchi ndi m'nyumba za misonkhano za ku Britain, ndipo mu 1906 anafika ku America, akuonetsa zithunzizo pansalu ndi nyali yowala. Kufikira pamenepo anthu a Leopold ankati nkhanizo ndi mabodza a amishoni. Tsono mawu atsutsika, koma dzanja la mwana ulitsutsa bwanji? Mkwiyo wa anthu unakula kotero kuti mu 1908 boma la Belgium linachotsa dzikolo m'manja mwa mfumuyo. Nkhanza za atsamunda sizinathere pomwepo ayi, komabe chinsinsi chinali chitaululika.

Nanga bwanji dzina la mayiyu silimveka? Zithunzi zake zambiri zinasindikizidwa popanda kutchula wozijambula, ndipo ulemu unagwera amuna. Mwamuna wake analowa m'nyumba ya malamulo, nalandira ulemu wa Sir mu 1933. Mkaziyo anawerengedwa ngati wothandiza chabe. Anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 100. Mu 2014 nyumba yosungiramo mbiri ya ukapolo ya ku Liverpool inaonetsa zithunzi zake, iye atagona m'manda zaka zoposa 40.

Koma tisam'tame mopyola muyeso. Iye anali mlendo wodza m'masiku a utsamunda, ndipo nkhondo yake inali yolimbana ndi nkhanza za Leopold, osati yochotsa ulamuliro wa Azungu. Komanso tikumbukire kuti woyamba kuchitira umboni sanali mwini kabokosi. Anali Nsala, amene ananyamula kaphukusiko ndi mtima wosweka kuti ena aone. Popanda iye chithunzicho sichikanakhalapo.

Tsono inu aphunzitsi a mawa, pamene muonetsa ana chithunzi chakale, afunseni mafunso atatu: anajambula ndani, wojambulidwa ndani, ndipo chinajambulidwa chifukwa chiyani? Mukatumizidwa ku sukulu ya kunyanja, khalani pansi ndi agogo, mulembe zimene anamva kwa makolo awo, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse mulembe dzina, mudzi ndi chaka. Dzina la Boali tilidziwa lero popeza munthu wina analilemba.