Chifukwa chake chitsulo chosachita dzimbiri amachitsuka ndi asidi chikachoka pa makina

Chitsulo chosachita dzimbiri, chodziwika kuti stainless steel, amapangira zida za madokotala, matanki a mkaka ndi ziwiya za kukhitchini. Mphamvu yake imachokera ku chromium, amene amakhala magawo osachepera 10.5 pa magawo 100 alionse a chitsulocho. Chromium akakumana ndi okosijeni amapanga kachikuto kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, kamene kamatchinga chinyezi. Harry Brearley wa ku Sheffield, ku England, ndi mmodzi mwa anthu amene anatulukira chitsulochi, mu 1913.

Vuto limayamba pochisema, pochiboola kapena pochipala. Mipeni ya makina, miyala yonolera ndi maburashi a waya amasiya pamwamba pake tizidutswa ta chitsulo wamba. Tizidutswati ndi timene timayamba dzimbiri, ndipo likakhalitsa limadya chitsulocho nkusiya timaenje mosungira dothi ndi majeremusi. Mu fakitale ya zakudya kapena m'chipatala zimenezi zikhoza kuika moyo pa chiswe.

Njira yopewera vutoli imatchedwa passivation. Choyamba amachotsa mafuta onse, chifukwa mafuta amalepheretsa asidi kufika pa chitsulo. Kenako amachiviika mu asidi wa nitric kapena wa citric, mtundu wopezekanso m'mandimu. Muyezo wa ku America wa ASTM A967 umalola asidi wa citric wa magawo 4 mpaka 10 pa 100, kwa mphindi zosachepera 10 pa kutentha kwa madigiri 49 mpaka 60. Asidiyo amasungunula chitsulo wamba, chromium nkutsala. Akachitsukuluza ndi madzi aukhondo ndi kuchiumitsa, kachikuto kaja kamabwerera.

Maso paokha sangatsimikize kuti ntchito yatheka, nchifukwa chake amachiyesa. Ena amachiika pamalo achinyezi chochuluka kwa maola 24 nkuona ngati dzimbiri latuluka. Ena amachipaka madzi a copper sulphate, nkuchisiya chili chonyowa kwa mphindi 6. Pakaoneka mawanga a mtundu wa mkuwa, ndiye kuti chitsulo wamba chilipobe. Njira imeneyi siloledwa pa zida zokonzera zakudya. Mankhwala ena, otchedwa ferroxyl, amasanduka abuluu akakhudza chitsulo wamba.

Chida chimene chalephera mayeso amachitsukanso kuyambira pachiyambi. Amisiri osamala amapatuliratu maburashi ndi miyala yonolera yogwiritsa ntchito pa chitsulo chosachita dzimbiri chokha.