Kuchokera pa nyali kufika pa 50+1: mbiri ya voti ya Mmalawi

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, Amalawi ankasankha pakati pa zizindikiro ziwiri: nyali, yoimira zipani zambiri, ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Nyali inapambana, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi wa UDF anagonjetsa Kamuzu Banda ndi mavoti 47 pa 100 alionse.

Koma zotsatirazo zinaulula nthenda imene inatizunza zaka zambiri. Kummwera kunapita kwa Muluzi, pakati kwa Kamuzu, kumpoto kwa Chakufwa Chihana wa Aford. Ambiri anavotera wakwawo. Lamulo nalo, monga ankalitanthauzira nthawiyo, linkapereka mpando kwa aliyense woposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. Wandale wochenjera ankangodalira chigawo chake. Enawo ankatha kuwanyoza pamsonkhano osaluza kanthu.

Mu 1999 anthu anakhamukira kumalo ovotera, oposa 90 pa 100 alionse olembetsa. Pofika 2004 chidwi chinazirala. Nkhani yofuna kuwonjezera materemu a pulezidenti inali itatopetsa anthu, kaundula wa ovota anali wosokonekera, ndipo Bingu wa Mutharika analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100. Patangotha zaka zisanu, Bingu yemweyo anapeza 66, mavoti ochokera m'zigawo zonse. Makuponi a feteleza anali atadzaza nkhokwe. Apa ndi pamene tinaona kuti Mmalawi akaona ntchito ndi maso ake, za kwawo kwa munthu amaziika pambali.

Sizinakhalitse. Peter Mutharika wa DPP anapambana ndi 36 mu 2014, kenako analengezedwa wopambana ndi 38 mu 2019, chisankho chimene dzina lake linasanduka Tippex chifukwa cha mapepala a zotsatira ofufutidwa. Lazarus Chakwera wa MCP ndi Saulos Chilima wa UTM anapita kukhoti. Kwa miyezi ingapo wailesi sinkazimitsidwa m'maminibasi, m'misika ndi m'makonde a magolosale. Ogulitsa tomato ankakambirana za maumboni ngati maloya. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu amene ankafika kukhoti ku Lilongwe moperekezedwa ndi asilikali anawerenga chigamulo tsiku lathunthu. Anafafaniza chisankhocho, ndi kunenetsa kuti pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Khoti la Supreme linagwirizana nawo mu Meyi.

Chigamulo chimenechi, m'kuona kwanga, chinafewetsa ndale kuposa mapemphero onse a mtendere amene tinachititsapo. Palibe chigawo chimene pachokha chingafikitse munthu pa 50+1, choncho amene unkamutukwana dzulo uyenera kukamugogodera lero. MCP ndi UTM zinapanga mgwirizano wa Tonse, DPP inagwirana manja ndi UDF, ndipo pa 23 Juni 2020 Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Ovota anachepako, pafupifupi 65 pa 100.

Pa 16 Seputembala 2025 anthu omwewo, atatopa ndi kukwera mitengo kwa zinthu ndi mizere ya mafuta, anabwezera mpando kwa Peter Mutharika ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100. Chakwera anavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe.

Komabe mwa anthu anayi alionse olembetsa, pafupifupi mmodzi sanadinde chala mu inki tsikulo, osawerengera amene sanalembetse n'komwe. Ndipo ngakhale lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti, ambiri timathamangirabe nsalu ndi tisheti kuposa kumva mfundo. Sungani manifesto ya chipani chimene chili m'boma, muziyang'anamo chaka ndi chaka, kuti mu 2030 mudzakhale ndi chofunsa akadzabwera kudzapempha voti yanu.