Radium m'zipangizo zakale zankhondo: kuwala kudatha, cheza chidakalipo

Magalimoto, akasinja, ndege ndi mawailesi ambiri ankhondo amene adapangidwa kuyambira pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse kufikira m'zaka za m'ma 1960 ali ndi tizipangizo totulutsa cheza choopsa cha nyukiliya. Gwero lalikulu la chezachi ndi radium, chitsulo chimene ankasakaniza mu penti yolembera manambala ndi mivi ya mageji kuti ziziwala mumdima. Lero zipangizozi zimapezeka m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kwa anthu okonda kukonza magalimoto akale, ndiponso m'milu ya zitsulo zakutha. Zambiri zidaleka kuwala kalekale, koma radium yake idakali ndi mphamvu pafupifupi ngati tsiku limene idapakidwa.

Chifukwa chimene ankaigwiritsira ntchito

Marie Curie ndi mwamuna wake Pierre ndiwo adatulukira radium mumzinda wa Paris m'chaka cha 1898. Posakhalitsa kudadziwika kuti ikasakanizidwa ndi ufa wa zinc sulphide, cheza chake chimachititsa ufawo kuwala mobiriwira usiku wonse popanda batire kapena babu. Kwa asilikali ichi chidali chinthu chamtengo wapatali, pakuti woyendetsa kasinja kapena ndege ankatha kuwerenga liwiro, mafuta ndi kampasi osayatsa nyali imene ikadamuulula kwa adani. Pentiyi ankaipakanso pa mawotchi, pa nsonga za masuwichi ndi pa mabatani otcherera mawailesi.

Kuyambira m'chaka cha 1922, radium yambiri ya pa msika wa dziko lonse inkachokera ku miyala ya mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo. Kampani ya Union Minière du Haut-Katanga inkatumiza miyalayo ku Olen m'dziko la Belgium kuti akaiyenge.

Kuzima kwa kuwala sikutha kwa cheza

Cheza chomwe chimawalitsa ufa wa zinc sulphide ndicho chimauwononganso pang'onopang'ono, kotero kuti pakapita zaka geji imaleka kuwala ndipo penti imasanduka yachikasu kapena yofiirira, nkuyamba kufumbutuka. Radium yokha siitha msanga. Pamatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti theka la radium-226 lithe, zimene zikutanthauza kuti geji ya m'chaka cha 1944 idakali ndi magawo oposa 96 mwa magawo 100 aliwonse a radium imene idali nayo poyamba.

Geji yosasweka, imene munthu sakhala nayo pafupi nthawi yaitali, imapereka cheza chochepa, ngakhale kuti cheza cha gamma chimadutsa galasi. Ngozi yeniyeni imabwera pamene geji yatsegulidwa, yapalidwa kapena yawotchedwa. Fumbi lake likalowa m'kamwa kapena m'mapapo, thupi limatenga radium ngati calcium nkukaisunga m'mafupa, mmene imawononga mafupawo ndi mafuta ake kwa zaka zambiri ndipo ingayambitse khansa. Radium imatulutsanso mpweya wa radon-222, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umachulukana m'chipinda kapena m'bokosi lotseka. Radon ndi imodzi mwa zinthu zodziwika zoyambitsa khansa ya m'mapapo.

Zinthu zina zotulutsa cheza

Si radium yokha imene imapezeka m'zida zakalezi. Magalasi ena a makamera ojambulira ali mundege, monga a Aero-Ektar opangidwa ndi kampani ya Kodak, adasakanizidwa ndi thorium, ndipo ambiri adasanduka achikasu chifukwa cha cheza chake. Thorium ilinso m'zitsulo za magnesium za mainjini ena a ndege. Timachubu tina tagalasi ta m'makina a radar tidaikidwa radium, cobalt-60 kapena krypton-85 pang'ono kuti tiziyamba ntchito mofulumira. Makina ena oyezera cheza a asilikali a Soviet Union, monga DP-5, adali ndi kachidutswa ka strontium-90 koyesera ngati makinawo akugwira bwino. M'zaka za m'ma 1960, tritium ndi promethium-147 zidayamba kulowa m'malo mwa radium. Ziwirizi zili ndi cheza chofooka ndipo zimatha msanga: theka la tritium limatha m'zaka pafupifupi 12, pamene la promethium-147 silifika zaka zitatu.

Zimene zidachitikapo

Oyamba kuvutika adali atsikana opaka pentiyi m'mafakitale a ku America, monga ya United States Radium Corporation ku Orange, New Jersey. Iwo ankasongola maburashi ndi milomo yawo, ndipo ambiri adawola nsagwada, kuthothoka mano ndi kumwalira akadali achichepere. Asanu mwa iwo adasumira kampaniyo, ndipo mlandu udatha mwa mgwirizano wa chipukuta misozi m'chaka cha 1928.

Ku Dalgety Bay m'dziko la Scotland, tizidutswa ta radium tidapezeka pagombe m'chaka cha 1990. Tidachokera ku mageji a ndege zimene zidaphwasulidwa ndi kuwotchedwa pa bwalo la ndege zankhondo la Donibristle nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, phulusa lake nkutayidwa m'mphepete mwa nyanja. Unduna wa zachitetezo wa dziko la Britain udayamba ntchito yoyeretsa gombelo m'chaka cha 2021 ndipo idatha m'chaka cha 2023. Moto sudachepetse chezacho, udangomwaza radium.

Kasamalidwe kake

Maso okha sangazindikire geji ya radium. Makina otchedwa Geiger counter ndiwo amatsimikiza. Akatswiri oteteza anthu ku cheza amalangiza kuti geji iliyonse yankhondo yakale kuposa zaka za m'ma 1970 iyesedwe yokhala ndi radium kufikira itayezedwa. Isatsegulidwe, isapalidwe, isapemereredwe fumbi ndi pakamwa, ndipo isasungidwe m'chipinda chogona kapena pofikira ana. Yosweka galasi iikidwe m'thumba lapulasitiki lomata bwino, pamalo opita mphepo, ndipo woigwira avale magolovesi ndi kusamba m'manja. Siyenera kutayidwa kudzala kapena kugulitsidwa pamodzi ndi zitsulo zakutha, chifukwa ikalowa m'ng'anjo imaipitsa ng'anjoyo ndi phulusa lake.

M'chigawo chino muli mabungwe a boma oyenera kudziwitsidwa chipangizo chotere chikapezeka: Atomic Energy Regulatory Authority ku Malawi, pansi pa lamulo la m'chaka cha 2011, Radiation Protection Authority ku Zambia, pansi pa lamulo la 2005, ndi Radiation Protection Authority of Zimbabwe, pansi pa lamulo la 2004.