Jamie Uys: mphunzitsi wa masamu amene anaseketsa dziko lonse

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, ambiri tinaonerapo The Gods Must Be Crazy, filimu ija ya botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege ku Kalahari. Lero tikambirane za amene anaikonza, a Jamie Uys a ku South Africa.

A Uys anabadwira ku Boksburg mu 1921, ndipo asanagwire kamera ankaphunzitsa masamu. Filimu yawo yoyamba, ya m'Chiafrikaans, inatuluka mu 1951. Mu 1974 anatulutsa Animals Are Beautiful People, yoonetsa moyo wa nyama za m'chipululu, ndipo inapata mphoto ya Golden Globe. Mu 1976 kunabwera Funny People, momwe ankapusitsa anthu n'kumawajambula mobisa.

Luso lawo linali kusakaniza nthabwala ndi kajambulidwe ka mafilimu a zoonadi. The Gods Must Be Crazy, ya mu 1980, imayamba ndi mawu odekha a munthu wofotokoza, ngati tili m'kalasi ya jogalafe. Amatiuza kuti anthu a mtundu wa San sadziwa ndalama, katundu ngakhale mkangano. Owonera ambiri anakhulupirira.

Koma zinthu sizinali choncho. N!xau, amene anasewera ngati Xi, anali wa ku Namibia, dziko limene panthawiyo linali m'manja mwa boma la tsankho la South Africa. M'chaka chomwecho John Marshall wa ku America anatulutsa N!ai, the Story of a !Kung Woman, yoonetsa anthu a ku Tsumkwe atalandidwa malo ambiri osakako nyama, akudalira ufa wolandira, anyamata akulembedwa usilikali wa South Africa. Zonsezi m'filimu ya a Uys mulibe.

A Uys anamwalira mu 1996, N!xau mu 2003. Ine sindikana kuti filimuyi imaseketsa. Ndimasekabe mpaka misozi. Chimene ndimauza ophunzira a Fomu 4 n'chakuti mawu omveka ngati a katswiri si umboni. Filimu ndi gwero la mbiri ngati kalata ya bwanamkubwa wa atsamunda: tifunse kuti anaikonza ndani, liti, pansi pa boma liti, nanga anasiya chiyani.

Anzanga a phunziro la mbiri, tayesani kuonetsa ana mphindi khumi zoyambirira, kenaka muwafunse mafunso anayiwa. Mudzandiuze zimene ayankhe.