Pangano la Nkomati: Wina Anasunga, Wina Anaswa

Usiku wina ndikuulutsa mawu pa wailesi, agogo ena a kuno ku Maniamba anaimba foni n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi mayiko amphamvu akasaina pepala, amalisunga?" Nthawi inatithera tisanamalize. Agogo, yankho lanu nali, ndipo ndalitenga m'mbiri yathu yomwe.

Pa 16 Malichi 1984, m'mphepete mwa mtsinje wa Nkomati, Pulezidenti Samora Machel ndi P. W. Botha, nduna yaikulu ya boma la tsankho la South Africa, anasaina pangano. Mfundo yake inali yosavuta kumva: aliyense asalole kuti dziko lake likhale pobisalira anthu okathira nkhondo mnzake. Mozambique isiye kusunga ankhondo a ANC, South Africa nayo isiye kuthandiza Renamo.

Dziko lathu linasunga mbali yake, ngakhale zinali zowawa. Anthu ambiri a ANC anauzidwa kuti achoke, ndipo ena mu Africa anatinena kuti tagulitsa abale. Koma nkhondo sinazirale, m'malo mwake inafalikira. Ine ndinali mwana, koma ndimakumbukira tikugona kutchire, amayi atanditseka pakamwa kuti ndisalire. Msewu wa ku Lichinga unasanduka woopsa. Achibale athu ena anatsikira kunyanja, n'kuwoloka pa bwato kupita ku Likoma ndi ku Malawi.

Chinsinsi chinaululika mu Ogasiti 1985, pamene asilikali a Zimbabwe ndi a Mozambique analanda likulu la Renamo la Casa Banana ku Gorongosa. Kumeneko anapeza mabuku olembedwa pamanja, osonyeza kuti asilikali a South Africa ankabweretsabe zida pa ndege pangano litasainidwa kale, ndiponso kuti wachiwiri kwa nduna yoona za kunja, Louis Nel, anafikako yekha. Pik Botha, nduna yoona za kunja, anavomera kuti panganolo linaphwanyidwa, koma anachepetsa nkhaniyo ngati kulakwitsa kwakung'ono. Palibe khoti limene linaitana boma lake kuti likayankhe mlandu.

Zoterezi sizinayambe ndi Nkomati. Britain ndi Portugal anali paubwenzi wa pangano kuyambira 1386, komabe pa 11 Januwale 1890 Britain anaopseza mnzakeyo kuti achotse asilikali ake ku chigwa cha Shire msanga. Pangano lawo la 1891 ndilo linadula Anyanja pakati, n'kusiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angelezi, chonsecho zilumbazo zili pafupi ndi gombe lathu. Mafumu a kuno sanafunsidwe.

Tsono yankho langa ndi ili, agogo: inde, wamphamvu amasunga pepala pamene likumukomera. Koma musalinyoze pepalalo. Pakanapanda Nkomati, mabuku a ku Gorongosa akanangokhala nkhani ya nkhondo. Chifukwa panali siginecha, anasanduka umboni wa bodza pamaso pa dziko lonse. Akuluakulu anati mlandu suwola.

Ndipo lilipo pangano limene linatibwezera kwathu, la ku Roma, la pa 4 Okutobala 1992, losainidwa ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama. Linagwira ntchito chifukwa mbali zonse zinali zitatopa ndi maliro, ndipo asilikali a United Nations anabwera kudzayang'anira. Pangano lili ngati munda wa chinangwa m'mbali mwa phiri. Likasowa mlonda, anyani sapempha chilolezo.